Nyundo Yogogoda Dzuwa Lili Pamutu

Inu mumati mizimu imayenda usiku wokha? Wa kwathu unkabwera dzuwa lili pamutu, nkhuku zitabisala pansi pa nkhokwe. Sonkhezani motowo, thobwali lichedwa kupsa, ndikuuzeni za achimwene anga a Fanuwelo. Sindinachite kumva kwa munthu ayi. Ine Dolika ndinalipo.

Bambo athu anali mmisiri wa malata kufupi ndi pa Malomo. Ndowa, mbaula, makheni othirira kudimba, zonse zinkatuluka m'manja mwawo. Ankasulira pa chidutswa cha njanji, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, ndipo kamenyedwe kawo aliyense ankakadziwa: katatu msangamsanga, kenako kamodzi kochedwa, chifukwa chala chawo china chinali chouma. Ngo-ngo-ngo... ngo. A Fanuwelo anaphunzira ntchitoyo ali aang'ono, moti anthu ankati adzawaposa bambo.

Koma anaphunziranso china. Chamba anachiyamba ali ndi zaka khumi ndi zisanu, chija chaukali chotsika m'mapiri. Ankati chimawapatsa mphamvu pantchito. Anakwatira mlamu wanga Emelida, mwana wawo Sungeni n'kubadwa, iwo akusutabe m'mawa, masana ndi madzulo. Kenako zinayamba pang'onopang'ono. Munthu abweretsa poto kuti amumate, mawa akabwera iwo n'kumufunsa kuti, "Poto wake uti?" Ankaseka okha. Wailesi anaiponya m'chitsime, ati inkatchula dzina lawo. Pamapeto ankakhala tsiku lonse pakhonde, maso ali kumsewu, ati kukubwera anthu odzatentha nyumba.

M'masiku amenewo nyundo ya bambo inasowa. Inasowanso satifiketi ya Fomu 4 ya Emelida. Pepala limenelo analivutikira mtsikana uja, mayeso analemba kawiri, ndipo ankafuna kudzalowa uphunzitsi. Atawafunsa amuna ake, anangomuyang'ana n'kuseka. Tsiku lomwelo anatola pakhonde kandudu kokulunga ndi pepala lolembalemba, n'kutsimikiza kuti satifiketi yake yapita ndi utsi. Anabereka Sungeni, ulendo wa kwawo ku Nthondo.

Achimwenewo ife tinawagwira, n'kuwakweza galimoto mpaka kuchipatala cha amisala ku Zomba. Ali komweko bambo anamwalira. Maliro sanawaone.

Atatuluka, mwezi uliwonse ndinkawaperekeza kuchipatala kukatenga mankhwala. Dokotala wake anali mayi wina wamfupi, wosapupuluma polankhula. Tsiku loyamba anatikhazika pansi tonse awiri.

"Mu chamba muli zinthu zimene zimakafika mu ubongo n'kusokoneza mauthenga," anatero. "Si aliyense amene amazungulira nacho mutu. Koma ena, makamaka oyamba ali ana n'kumasuta chaukali tsiku ndi tsiku, ubongo wawo umayamba kupanga mawu, mwiniwake n'kumawamva ngati akuchokera panja. Kukumbukira nakonso kumavuta. Zina za masiku amene aja mwina sizidzabweranso, musamawakakamize."

Kenako anatembenukira kwa achimwene.

"A Fanuwelo, chamba ndiye mwasiyana nacho mpaka kalekale. Ndipo tsiku limene mudzamve chinthu chimene anzanu sakumva, musadzabise. Mudzanene tsiku lomwelo."

"Ndidzanena, adokotala," anatero achimwene.

Amayi inu, munthu anachira uja! Zaka ziwiri osakhudza ngakhale fodya wamba. Masaya anabwerera. Anagula nyundo ina pamsika, n'kukhalanso pansi pa mango paja. Poopa kuiwala, poto aliyense ankamulemba dzina la mwiniwake ndi choko, mpaka tsiku lina ndinapeza alemba "Dolika" pa mbale yanga yodyera, iwo ali chikhakhali kuseri kwa chitseko. Ankaimba akusula. Anthu amene ankawathawa anayambanso kubweretsa ndowa zawo. Chimodzi chokha chinkawasowetsa mtendere: akazi awo ndi mwana.

Anatumiza mawu ku Nthondo kawiri, Emelida n'kukana. Kachitatu kunabwera yankho lakuti malume ake a Jekapu, omwe anali ankhoswe ake, abwera naye Loweruka kuti adzaone okha ngati munthuyo wachiradi. Tsiku limenelo achimwene anandinyamula m'mwamba ngati thumba la chimanga. Anazira nyumba, anameta, anasula ndowa yatsopano yoti akazi awo azidzatungira madzi. Unali mwezi wa Novembala, kutentha kwake kosaneneka, mitambo ikungosonkhana madzulo n'kubalalikanso.

Nyumba yathu ili kumapeto kwa mudzi. Masana kumakhala zii, anthu ali kuminda kapena kumsika. Inenso ndinkachoka m'mawa kukagulitsa tomato, n'kubwera dzuwa litapendeka.

Lolemba la sabata imeneyo ndinawapeza atangokhala, nyundo ili pansi.

"Dolika, kodi m'mudzi muno muli wina wayamba kusula?"

"Wake ndani? Mmisiri ndinu nokha."

"Oo. Ndimangofunsa."

Lachiwiri m'mawa ndinasesa tizidutswa ta malata n'kutiunjika patsinde pa mango. Madzulo ndinatipeza titandandalikidwa kamodzikamodzi, mzere wowongoka ngati wa chimanga, kuchoka pa njanji paja kuloza kumunsi kumene kuli chulu ndi nsungwi.

"Achimwene, masewera ake ati awa?"

Anayang'ana mzerewo nthawi yaitali. "Si iwe wachita?"

"Ine ndinali kumsika."

"Kapena ndi ine," anatero motsitsa mawu. "Kapena ndachita n'kuiwala." Anatenga tsache n'kusesa.

Galu wathu nayenso anasintha. Ankakonda kugona mumthunzi wa nsungwi zija, koma sabata imeneyo ankafika pakati pa njira n'kuima, mchira ukugwedezeka ngati waona munthu womudziwa, koma osasendera.

Lachitatu ndikuchokera kumsika, dengu lili pamutu, ndinakumana ndi mkulu wina pa kamlatho ka matabwa. Anavala chipewa chophimba maso, m'manja atanyamula ndowa yakale. Ndinapatuka kuti adutse, n'kupereka moni. Sanayankhe moniwo.

"Mmisiri wayamba ntchito?" anafunsa.

"Eya, anayamba kale. Pitani nayo ndowayo akakumatireni."

"Mukamuuze kuti mvula yayandikira. Zili pansi zinyowa."

Mawu ake anali otsika, ngati munthu akulankhulira mu mtsuko. Ndinayenda mapazi angapo ndisanazindikire chimene chinandidabwitsa: ndowa ija inkadontha, ndinkamva ndithu kuti tho, tho, tho, koma matabwa a mlathowo anali ouma gwa. Nditatembenuka, njira yonse inali yoyera mpaka kumunda wa chinangwa, popanda munthu. Nkhope yake mukandifunsa, sindinaione. Ndipo achimwene sindinawauze. Ndinati munthu wochira kumene usamamuuze zoterezi.

Lachinayi sanadye. Lachisanu madzulo ananditengera kuseri kwa khitchini, n'kundipatsa malaya awo.

"Nunkhiza."

"Ndinunkhize chiyani?"

"Nunkhiza, Dolika. Sindinasute. Mankhwala sindinadumphitse ngakhale tsiku limodzi." Misozi inali italengeza. "Koma zayambiranso. Dzuwa likangofika pamutu ndimamva nyundo. Si nyundo wamba. Ndi ya bambo, kamenyedwe kawo kaja. Lolemba, Lachiwiri, masiku onsewa. Ndimatseka makutu, imamvekabe."

Ndinaona zaka ziwiri zija zikugwera m'madzi. Ndipo apa ndivomere kulakwa kwanga, poti ndinalankhula ngati munthu wamantha.

"Musanene mawa. Ndapota nanu. Alendo abwere, akambe, apite. Lolemba tilawirira kuchipatala."

"Adokotala anati ndizinena tsiku lomwelo. Ndachedwa kale masiku asanu."

"Mwandiuza ine, basi mwanena! Mukawauza a Jekapu, Emelida simudzamuonanso. Sungeni adzakula osakudziwani."

Anavala malaya aja n'kukakhala pa njanji.

Loweruka kunacha bwino. Ndinapha tambala, n'kuphika mpunga. Malume athu a Benala, ankhoswe a mbali yathu, anafika molawirira. Alendo anatsika pa kabaza cha m'ma teni koloko. A Jekapu anali munthu wamtali, wovala jekete ngakhale kunja kukuwotcha, nsapato zopolishidwa mpaka kuwala. Anagwirapo ntchito ya ulonda ku esiteti ya fodya zaka makumi awiri, ndipo sankatha mphindi zisanu osakumbutsa anthu zimenezo. Emelida anabwera pambuyo pawo atavala chitenje chobiriwira. Sungeni anamusiya kwa amayi ake.

Tinayala mphasa pansi pa mango. Nkhani inayamba bwino kuposa mmene ndinkayembekezera. A Jekapu anazungulira ndowa yatsopano ija, anaigogoda ndi chala, anathiramo madzi n'kuikweza m'mwamba kuti aone ngati ikudontha.

"Ntchito iyi si ya munthu wodwala," anatero. "Ine ndalondera zaka makumi awiri, munthu ndimamudziwa pongomuyang'ana."

A Benala anaseka, ine ndinaseka, ngakhale Emelida anabisa kamwa m'chitenje. Ndinamuona akuwaba ndi diso amuna ake, kuyambira kumutu wometa mpaka kumapazi. Achimwene ankayankha mafunso onse bwinobwino, koma maso awo ankangopita pa mthunzi wa mtengo, umene unkafupika, kufupika.

Kenako a Jekapu anakonza kukhosi.

"Tsono bambo a Sungeni, funso langa ndi limodzi. Mwana wathuyu anachoka pano akulira. Tiuzeni pamaso pa ankhoswe anu. Zija munkamva zija, za mawailesi ndi anthu odzatentha nyumba, zinatheratu? Palibenso chimene mumamva?"

Ine ndinawayang'ana achimwene ndi maso opempha. Mphepo inali itaima. Ngakhale njiwa zinali chete. Ndipo m'makutu mwanga ndinamva kugunda, koma ndinati ndi mtima wanga.

Achimwene anagwada pamphasa, n'kuyang'ana akazi awo, osati a Jekapu.

"Amake Sungeni, ndinakunamizani kokwanira masiku aja. Chamba ndinasiya, zaka ziwiri tsopano. Mankhwala ndikumwa. Mawu aja anatha. Koma sabata ino ndayamba kumva nyundo ya malemu bambo, masana aliwonse. Ngakhale panopa ndikuimva. Lolemba ndipita kwa adokotala. Ngati mubwerere kwanu, bwererani mukudziwa zoona."

Emelida anaweramitsa mutu. A Benala anagwira chibwano. Ine ndinangoti basi, zatha.

A Jekapu anakwinya nkhope, n'kupendeketsa mutu.

"Nyundo yake iti? Imene ikusokosayi?"

Tonse tinawatembenukira, iwo n'kupitiriza.

"Inetu ndimafuna kunena kuti mukamuuze mnzanuyo ayambe wasiya, akuluakulu tikukambirana. Ndi ndani akusula kunsungwiko?"

Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti sunali mtima wanga. Inkachokera kumunsi, yosakweza, koma yomveka bwinobwino, chitsulo pa chitsulo. Ngo-ngo-ngo... ngo. Ngo-ngo-ngo... ngo. Tsitsi linandiimirira. A Benala, amene anakhala ndi mlamu wawo zaka zonse zija, anayamba kubwerera chambuyo ali chikhalire.

"Awo ndi alamu," ananong'ona. "Ambuye Yesu, awo ndi alamu anga."

"Alamu anu ake ati?" anafunsa a Jekapu.

"Amene tinawaika m'manda zaka zitatu zapitazo."

Achimwene anadzutsa mutu pang'onopang'ono. Anayang'ana a Jekapu, anayang'ana a Benala, anandiyang'ana ine.

"Mukuimva? Dolika, ukuimva?"

"Ndikuimva, achimwene."

"Amake Sungeni?"

"Ndikuimva," anatero Emelida.

Amayi inu, sindinaonepo munthu akusangalala chonchija. Ife tonse tauma ndi mantha, iwo anadumpha m'mwamba n'kukuwa, "Akuimva! Onse akuimva!" Anavina pafumbi pomwepo, kuzungulira mphasa, akuseka misozi ili chuchuchu. Anawagwira a Jekapu mapewa n'kuwagwedeza. "Malume, bwerezaninso! Mwati ikusokosa? Nenaninso kuti ikusokosa!" A Jekapu ankangotsegula kamwa n'kutseka. Galu naye anayamba kudumphadumpha. Inenso ndinapezeka ndikuseka.

"Tiyeni tikaone," anatero achimwene.

"Kukaona chiyani?" anatero a Jekapu. "Zinthu zoterezi sapita nazo pafupi. Ine ndalondera zaka makumi awiri, koma ndinkalondera fodya."

Apo m'pamene ndinakumbukira mkulu wa pamlatho uja, ndipo ndinawafotokozera zonse: chipewa, ndowa yodontha, ndi mawu akuti zili pansi zinyowa. Achimwene anasiya kuseka. Analowa m'khitchini n'kutuluka ndi khasu.

Anatsogola iwo. Amene anawatsatira woyamba sanali ine ayi, anali Emelida. Ine ndinabwera pachitatu, a Benala akupemphera pambuyo panga. A Jekapu anatsalira pamphasa, koma ataona kuti atsala okha anatithamangira, jekete ili m'manja.

Tikuyandikira, kugogoda kuja sikunakwere. Kunangokhala chimodzimodzi, koma tinayamba kukumva m'mapazi, ngati nthaka ikupuma. Pa chulu panalibe munthu. Nsungwi zinali chiimire, tsamba ngakhale limodzi osagwedezeka. Panali kafungo kena kake kamene ndinakadziwa msanga: fungo la malata otentha ndi sopo wofiira amene bambo ankasambira m'manja akaweruka. Nditamuyang'ana Emelida, ndinaona kuti nayenso wakamva.

Achimwene anayenda uku ndi uku, n'kuima patsinde pa chulu, mbali ya kum'mawa.

"Ndi pano."

Anakumba. Dothi linali louma ngati mwala. Nyundo ija inkagogodabe, khasu likamenya iyo n'kudikira, ngati anthu awiri akusinja mu mtondo umodzi. Dzenje litafika m'bondo, khasu linalira kuti khwee pa chitsulo. Pomwepo kugogoda kunaleka. Kunangoti zii, moti ndinamva a Jekapu akumeza malovu.

Anafukula ndi manja. Chinatuluka chibokosi cha malata, kukula kwake ngati Baibulo lalikulu la paguwa, chomatidwa mbali zonse. Pamwamba pake panali chinthu chokulungidwa m'chiguduli, chomangidwa ndi waya wadzimbiri. Anamasula wayayo movutikira. Inali nyundo ya bambo. Chiguduli chinali chitawola, koma mutu wa nyundoyo unkawala ngati yagwira ntchito m'mawa womwewo.

"Dolika, gwira," anatero achimwene.

Ndinagwira chogwirira chake. Chinali chofunda, mmene chimafundira chinthu chimene wina wangochisiya kumene. Ndinawabwezera msanga.

Anatembenuza bokosi lija. Ngodya imodzi dzimbiri linali litadya, patsala pang'ono kubooka. Anayendetsa chala pamsoko.

"Ntchito iyi ndi yanga," anatero. "Kapindidwe aka ndi kanga. Koma sindikukumbuka. Ndikuyesa, mulibe chilichonse m'mutumu."

Analitsegula ndi nyundo yomweyo, mosamala. Mkati munali pepala la pulasitiki, loikamo shuga lija, lokulungidwa kawiri. Anampatsa Emelida osalitsegula. Iye anamasula, n'kutulutsa buku la kusikelo la Sungeni, chithunzi cha tsiku la ukwati wawo, ndi pepala lina lolimba lopindidwa pakati. Atalitambasula anakhala pansi pafumbi pomwepo.

Inali satifiketi ija. Yoyera, dzina lake lili poonekera, ngakhale chiswe osalawa.

"Simunasutire," anatero.

"Zikuoneka kuti ayi."

"Munkati akubwera kudzatentha nyumba." Ankalankhula pang'onopang'ono, maso ali papepala. "Ndiye munabisa izi kuti zisapse. Mutu utasokonekera chonchija, pa zinthu zonse za m'nyumba muja munasankha izi."

"Ndikanakonda n'kanakumbuka, amake Sungeni, kuti ndinene kuti inde. Koma zina zonse zimene munaziona zija ndinachitadi. Kulira munalira kuja sikunali kwabodza."

Emelida anaphimba nkhope ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Tinkati akulira, ndipo ankaliradi, koma atachotsa chitenjecho tinaona kuti akusekanso.

"Zaka zitatu ndakhala ndikuuza anthu kuti Fomu 4 yanga inatuluka m'mphuno mwa amuna anga!"

Tonse tinaphulika. A Benala anaseka mpaka kutsamira chulu, kenako anakumbuka pamene ali n'kudumphapo.

Tikubwerera kunyumba, mphepo inayamba kuwomba kuchokera kum'mawa. Ndinangoti ndilowetse mphasa, madontho oyamba n'kugwa, akuluakulu ngati mtedza. Inagwa mvula tsiku limenelo! Madzi anayenda pabwalo ponse kutsikira kuchulu, ndipo dzenje lija linadzaza nthawi yomweyo. Tinathawira pakhonde tonse asanu, n'kudyera pomwepo mpunga ndi tambala uja, fungo la dothi lonyowa lili ponseponse. M'nyumba munalibe munthu, chitseko ndinali nditakoka kuti mphepo isamenyetse.

A Jekapu anadya bwino ndithu, koma anasankha kukhala motsamira chitseko kuti nkhope iloze kunsungwi.

"Sikuti ndikuopa," anatero. "Mlonda sapereka msana."

Atasamba m'manja anayesa kubwezeretsa ulemu wawo. Anavala jekete, n'kukonza kukhosi.

"Tsono mwana wanga, wamva wekha, waona wekha. Ife ankhoswe sitikakamiza. Ukuti bwanji?"

Emelida anapukuta manja, n'kutembenukira kwa amuna ake.

"Bambo a Sungeni, pepalali landisangalatsa, sindikana. Koma si limene likundibweza. Muja munagwada muja, musanadziwe kuti ifenso tikumva, munali mutanditaya kale, koma munanenabe. Munthu ameneyo ndi amene ndikumubwerera."

Achimwene anangogwira pakamwa.

"Koma mumve. Lolemba kuchipatala tipita limodzi, mukawafotokozere adokotala zonsezi. Mankhwala muzimwabe, ndizisunga ndine. Ndipo tsiku lina mukadzamva kanthu, kaya n'kotani, woyamba kumuuza ndi ine. Osati alamu angawa, amene amalangiza anthu kubisa."

Ndinafuna kulowa pansi. "Wakuuzani ndani?"

"Nkhope yanu, alamu. Munkawaponyera maso ngati mukuthamangitsa nkhuku pa mphale."

Anthu anasekanso, ine ndemwe. Achimwene anapukuta misozi ndi mkono.

"Nanga akadzakhala bambo?" anafunsa.

"Akadzakhala apongozi anga, mudzawauze kuti ndathokoza kwambiri. Koma ulendo wina asamatiopseze kutchire. Azibwera pakhomo n'kugogoda ngati anthu."

Tinali tikuseka pamene chinamveka. Pa chitseko chomwe a Jekapu anatsamira, kuchokera mkati mwa nyumba yopanda munthu ija, pang'onopang'ono, mwaulemu.

Go. Go. Go.

A Jekapu sindinaone mmene anadumphira. Ndinangowaona ali pakati pa bwalo, mvula ikuwakhuthukira, nsapato imodzi itatsala pakhonde. A Benala anatseka maso. Ine ndinagwira mkono wa achimwene, iwo n'kugwira wanga.

Emelida yekha ndi amene anadzuka. Anamanga bwino chitenje chake, anagwada pambali pa chitseko monga achitira mkazi pamaso pa apongozi, n'kuwomba m'manja katatu.

"Takumvani, bambo," anatero. "Ndabwera."